Kagawidwe ka ndalama za ziphaso za mowa alembi osakangana

Ku England lamulo la 1552 linati wogulitsa mowa azitenga chilolezo kwa oweruza awiri a m'dera lake, alembetse chikole cholonjeza kuti pamowa pake sipakhala chisokonezo, n'kulipira mapeni 12. Pepala lachikolelo ankalemba ndi mlembi wa oweruzawo, koma lokasungidwa kwa mlembi wamkulu wa khoti la chigawo. Ntchito ya anthu awiri, ndalama yolowera dzanja limodzi. Alembi ankadalira tindalama totere kuti adye, ndiye mkangano sunkachedwa: wina ati ndalemba ndine, wina ati kaundula ndi wanga.

Komiti ya msika ku Angónia kapena ku Tsangano, ku Mozambique, imene imatolera kangachepe kwa amayi ogulitsa masese ndi kachasu ingagwe m'mbuna yomweyo. Ndalama ya boma kapena ya município (khonsolo ya tauni) siigawidwa, imapita yonse kumene lamulo lanena. Tikunena pano ndi ya komiti yokha.

Gwirizanani magawo ndalama isanalowe, mulembe patsamba loyamba la kaundula, aliyense asaine. Mwachitsanzo, pa 100 meticais iliyonse, 70 ipite kuthumba la komiti, 20 kwa mlembi woyenda m'misasa ya mowa, 10 kwa mlembi wosunga buku. Woyendayo apate zambiri chifukwa ndiye amapsa ndi dzuwa n'kutukwanidwa ndi oledzera.

Buku la malisiti likhale limodzi, la manambala otsatizana, loika kaboni pansi. Mabuku awiri ndiwo gwero la ndewu. Lisiti likalakwika musaling'ambe, lembani mzere pakati lisiyidwe momwemo, chifukwa nambala ikasowa aliyense aganiza kuti ndalamayo yalowa m'thumba la mnzake.

Kumalire ndi Malawi, monga ku Calómuè, ena amalipira makwacha. Apa m'pamene ambiri amaterereka. Lembani palisiti ndalama imene mwalandiradi ndi mtengo wosinthira wa tsikulo, osadikira madzulo, poti wosintha amasunga kapindu kake mwakachetechete.

Wolandira ndalama asakhale yemweyo wowerengera. Werengani tsiku la msika lomwelo pamaso pa munthu wachitatu, ndalama zili poyera pathebulo. Mayi akalipira theka, lembani thekalo, ndipo magawo a alembi achotsedwe pa zimene zalowa, osati pa ngongole. Mlembi akadwala wina n'kuyenda m'malo mwake, gawo la tsikulo ndi la amene wayenda.