Kayendedwe ndi kasamalidwe ka manda akale a anthu a ku China

Anthu a mu Lilongwe amene amakwera basi kupita ku Lusaka, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg amadutsa pafupi ndi manda a anthu a ku China amene ali ndi mbiri yaikulu, koma ambiri sadziwa kuti mandawo alipo. Ku Chongwe, pa msewu wochokera ku Chipata munthu asanalowe mumzinda wa Lusaka, kuli malo achikumbutso cha njanji ya TAZARA, yolumikiza Tanzania ndi Zambia, amene anatsegulidwa mu 2022, ndipo kumeneko kunagonekedwa mafupa a ena mwa Atchaina amene anafera m'dziko la Zambia ali pantchito. Ku Gongo la Mboto, kunja kwa mzinda wa Dar es Salaam, kuli manda oposa 60 a amisiri a ku China, ambiri mwa iwo omwe anamwalira pomanga njanji yomweyo, yotalika makilomita 1,860, kuyambira mu 1970 mpaka mu 1975. Ku Johannesburg nako, manda a Braamfontein ndi a Newclare ali ndi zigawo za Atchaina, ndipo ziliza zina ku Braamfontein zaposa zaka 100.

Nkhaniyi imatikhudza Amalawi. Pakati pa 1904 ndi 1910, anthu oposa 60,000 anatengedwa ku China kukakumba golide m'migodi ya ku Joni, migodi yomweyo imene agogo athu anagwirako ntchito kudzera ku Wenela, ndipo mabanja ambiri m'boma la Lilongwe ali ndi mbale amene anatchona n'kuikidwa kutali ndi anthu osamudziwa. Komanso chiyambireni ubale wa Malawi ndi China kumapeto kwa 2007, mzinda wathu walandira amisiri amene anamanga Nyumba ya Malamulo ndi bwalo la masewero la Bingu, pamodzi ndi amalonda amene akhazikika kuno ndi mabanja awo. Malangizo awa ndi a gulu la sukulu, la mpingo kapena la achinyamata limene likufuna kukaona manda otere paulendo, komanso a gulu limene likufuna kusamalira manda akale a alendo kuno kwathu, monga a asilikali a ku Germany amene anafa pa nkhondo ya ku Karonga mu 1914 kapena a amishonale a ku Cape Maclear ndi ku Nkhoma. Chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti mlendo woikidwa kutali ndi kwawo amakhala ndi mboni imodzi yokha, ndiyo mwala wa pamutu pake, ndipo ntchito yonse iyenera kulinga pa kusunga zolembedwa pamwalapo.

Yambani ndi kupempha chilolezo. Mchewa aliyense amadziwa kuti kumanda salowako wamba, chifukwa manda a m'mudzi ali m'manja mwa a nyakwawa, adzukulu ndiwo amatsogolera, ndipo m'midzi yambiri yozungulira Lilongwe kumanda n'kumenenso kuli dambwe. Ulemu womwewo uperekedwe kwa alendo. Manda a mumzinda, monga a ku Area 18, amayang'aniridwa ndi khonsolo. Manda a pamishoni ndi a mpingo. Ndipo manda a Atchaina m'maiko oyandikana nafe amayang'aniridwa ndi boma, khonsolo kapena mabungwe a Atchaina a m'deralo. Lembani kalata yofotokoza amene muli, tsiku limene mukufuna kubwera, ndi chimene mukufuna kuchita, ndipo musiyanitse bwinobwino kuona chabe ndi kugwira ntchito, popeza chilolezo choona sichikupatsani mphamvu yokhudza chiliza. Ngati manda ali muno m'Malawi ndipo ndi akale, dziwitsaninso nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ndi zipilala, chifukwa pali lamulo loteteza malo a mbiri ndipo kusuntha kapena kusintha chinthu pamalo otetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu.

Tsiku loyamba musatenge khasu. Tengani kope, pensulo, chingwe choyezera, kalilole ndi foni yojambulira. Jambulani mapu a malo onse, kusonyeza chipata, mitengo ikuluikulu ndi kumene dzuwa limatulukira, kenako patsani mtumbira uliwonse nambala pamapupo, osati pachiliza penipeni. Chiliza chilichonse chijambulidwe kutsogolo, kumbuyo ndi cham'mbali, ndipo m'kope mulembe ngati chapendekeka, chang'aluka kapena chamera ndere. Zilembo zofufutika zimaoneka bwino m'mawa kapena chakumadzulo pamene kuwala kukubwera cham'mbali, ndipo masana mukhoza kuunikira ndi kalilole kuti mithunzi ilowe m'mizere ya zilembo. Musapake choko, makala kapena ufa pofuna kuti zilembo zioneke, chifukwa zinthu zimenezi zimakanirira m'timabowo ta mwala n'kumasunga chinyezi.

Kuwerenga chiliza cha Chitchaina kumafuna kudekha, ndipo apa m'pamene pali phindu lalikulu la ulendo wonse. Pa ziliza zakale, mawu amatsika kuchokera pamwamba kupita pansi, ndipo mizere imawerengedwa kuyambira kumanja kupita kumanzere. Mzere wapakati, umene umakhala ndi zilembo zikuluzikulu, ndi dzina la malemu, ndipo dzina la banja ndilo limayamba. Mkazi wokwatiwa nthawi zambiri ankalembedwa ndi dzina la banja la mwamuna wake ndi la banja la bambo ake, dzina lakelake osaoneka n'komwe. M'mbali mumakhala masiku obadwira ndi omwalirira, mayina a ana kapena a bungwe limene linamanga chiliza, ndiponso, pamwamba kapena pambali, chigawo, boma ndi mudzi umene munthuyo anachokera. Mudziwo ndi chinthu chimene Mtchaina wofera kunja sankafuna kuti chiiwalike, ndipo ndi umene umathandiza zidzukulu zake kumupeza lero. Ku Johannesburg, ziliza zambiri za amalonda akale zimatchula chigawo cha Guangdong chakumwera kwa China, pamene ambiri mwa anthu okumba migodi aja anachokera kumpoto. M'madera ena, dzina lopakidwa utoto wofiira limasonyeza kuti mwini wake anali akadali moyo pamene chiliza chinkamangidwa, monga mayi amene akudikira kudzagona pambali pa mwamuna wake, choncho musafulumire kunena kuti mayina onse a pamwala ndi a anthu oikidwa pamenepo.

Zaka nazo zili ndi kawerengedwe kake. Ziliza za nthawi ya mafumu zimawerenga zaka kuyambira pamene mfumu inalowa ufumu: mfumu Guangxu inayamba kulamulira mu 1875, choncho chaka cha 30 cha Guangxu ndi 1904. Ufumu utatha, anthu anayamba kuwerenga zaka kuyambira mu 1912, ndipo kuti mupeze chaka chathu mumawonjezera 1911, kotero chaka cha 10 ndi 1921. Miyezi ndi masiku kawirikawiri zimatsata kalendala yoyendera mwezi wakumwamba, ndiye sizigwirizana ndendende ndi masiku a m'kaundula wa khonsolo. Mapulogalamu omasulira a pafoni amathandiza poyambira, koma amalakwitsa kwambiri mayina a anthu ndi zilembo zachikale, zimene ndi zosiyana ndi zilembo zofupikitsidwa zimene China inayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1950. Zithunzi zanu muzionetse kwa munthu wodziwa chinenerocho, monga aphunzitsi a ku Confucius Institute ya University of Malawi kapena Amalawi amene anakaphunzira ku China, ndipo m'kope mwanu mulembe amene wamasulira.

Pali zinthu zina zimene mukazipeza musazione ngati zinyalala. Kachiliza kakang'ono koima pambali pa manda si manda a mwana ayi, koma nthawi zambiri ndi mwala wa mzimu woyang'anira nthaka. Kang'anjo ka njerwa kokhala ndi phulusa ndi kowotcheramo mapepala oimira ndalama amene achibale amatumizira malemu. Timitengo ta lubani tozikidwa titatutitatu, timakapu ta tiyi kapena ta mowa, zipatso, ndi mapepala otsindiridwa ndi kamwala pamwamba pa chiliza ndi umboni woti achibale anafika posachedwa. Zisiyeni mmene mwazipezera, ndipo ana a sukulu muwauziretu asanalowe kuti chakudya cha pamanda sichidyedwa ndipo sichiseweretsedwa. Mukapeza dzenje lolowa pansi lopanda chiliza, mwina mwini wake anafukulidwa kalekale. Atchaina akumwera anali ndi mwambo wofukula mafupa pakapita zaka zingapo, kuwatsuka ndi kuwatumiza kumudzi, ndipo mafupa ambiri ochokera kunja ankadutsira pa nyumba yosungirako mabokosi ya Tung Wah ku Hong Kong. Dzenje lotere lilembedwe pamapu ndipo lisakwiriridwe ndi zinyalala.

Ngati mwapatsidwa chilolezo chogwira ntchito, nthawi yabwino ndi kumayambiriro kwa Epulo. Atchaina amasesa manda pa mwambo wa Qingming, umene umagwa pa 4 kapena pa 5 Epulo, ndipo kuno kwathu imeneyi ndi nthawi imene mvula ikusiya, udzu uli wautali koma nthaka ikadali yofewa. Kugwira ntchito masiku ochepa mwambowu usanafike kumathandiza kuti achibale apeze njira zolambulidwa, ndipo kumakupatsani mwayi wokumana nawo ndi kumva mbiri ya anthu ogona pamenepo kuchokera pakamwa pawo. Valani zovala zosawala kwambiri, pewani zofiira chifukwa kwa iwo ndi mtundu wa chisangalalo, ndipo ngati mukufuna kuika nkhata, maluwa oyera kapena achikasu ndiwo oyenera.

Udzu umwetedwe ndi chikwakwa kutali ndi ziliza, koma pafupi ndi mwala uzulidwe ndi manja, popeza chikwakwa kapena khasu likaphonya kamodzi kokha limachotsa chilembo chimene palibe angachibwezeretse. Musatenthe tchire. Moto umang'alula mwala, umasuwitsa utoto wa zilembo ndipo umasungunula mtovu umene amisiri akale ankathira m'zilembo za ziliza zina. Chifukwa chakuti moto wolusa umabuka kwambiri kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, pamene anthu akusosa ndi kusaka mbewa, lambulani mzere waukulu kuzungulira manda onse nyengoyi isanafike. Mitengo ikuluikulu isiyidwe, monga mwa mwambo wathu, koma mphukira ya mkuyu kapena ya kachere yomera pamng'alu wa chiliza idulidwe patsinde nthawi iliyonse ikaphuka. Mukaizula, mizu imatuluka ndi zidutswa za mwala. Pamene madzi a mvula akukokolola nthaka, dzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa kumtunda kwa mitumbira.

Kutsuka chiliza ndi kumene anthu a mtima wabwino amawonongera zambiri, ndipo ine ndimaona kuti chiliza chakuda chimene chikuwerengeka ndi bwino kuchisiya osachitsuka. Ngati ndere zaphimba zilembo, yambani mwagogoda mwalawo pang'ono ndi chala; ukamveka ngati uli ndi mphako kapena ukamanyenyeka ngati mchenga, musaukhudzenso. Ukakhala wolimba, unyowetseni wonse ndi madzi oyera, kenako tsukani ndi burashi yofewa kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti madzi akuda asasiye mikwingwirima, uku mukutsukuluza pafupipafupi. Ndere zokakamira zipalidwe ndi kamtengo kofewa. Burashi yawaya, mchenga, sopo waufa, asidi ndi mankhwala oyeretsera zovala zimadya khungu la mwala, ndipo mchere wa m'mankhwalawo umatsalira mkati n'kumauphwanya pang'onopang'ono. Musapake penti kapena laimu pachiliza cholembedwa, ngakhale zimenezi n'zozolowereka pa manda athu, ndipo musabwereze utoto m'zilembo za Chitchaina pokhapokha achibale atapempha ndipo wolembayo akudziwa chinenerocho, chifukwa kamzere kamodzi kowonjezera kamasintha dzina la munthu.

Chiliza chosweka chisamatidwe ndi simenti. Simenti ndi yolimba kuposa miyala ndi njerwa zambiri zakale, ndipo imatseka chinyezi mkati, kotero mwala umaswekanso pambali pa pomatapo. Sonkhanitsani zidutswa, zijambuleni, zigonekeni pamtumbira womwewo pamwamba pa timatabwa kuti zisagunde dothi, ndipo itanani mmisiri wodziwa kugwiritsa ntchito matope a laimu. Chiliza chachikulu chopendekeka chikhoza kupsinja munthu, choncho chitchingidwe ndi chingwe mpaka atabwera anthu okhala ndi zida zonyamulira. Ngati madzi kapena nyama zafukula mafupa, musawagwire. Phimbani malowo ndipo dziwitsani oyang'anira manda, a mfumu ndi apolisi tsiku lomwelo.

Manda osayenderedwa amasanduka kotayako zinyalala, ndipo mipanda yachitsulo imabedwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Mpanda wokha sukwanira ngati anthu oyandikana ndi manda sakudziwa amene agona m'menemo. Itanani a mfumu a m'deralo, aphunzitsi a sukulu yapafupi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti pa tsiku la ntchito, afotokozereni mayina ndi mbiri imene mwapeza, ndipo ngati oyang'anira avomera, ikani chikwangwani pachipata cholembedwa m'chinenero cha anthu a m'deralo, m'Chingelezi ndi m'Chitchaina. Gulu ligawane maulendo kuti malowo aziyenderedwa mvula isanayambe, ili pakati ndiponso itatha.

Zonse zimene mwalemba zisatsalire m'foni ya munthu mmodzi. Sindikizani mapu, zithunzi ndi zomasulira zake, ndipo makope apite kwa oyang'anira manda, kwa achibale kapena bungwe lawo, ndipo ngati manda ndi a muno m'Malawi, kope lina lipite kosungira zolembedwa zakale za boma ku Zomba. Musanaike chithunzi cha chiliza pa Facebook kapena pa WhatsApp, funsani achibale ngati alipo, makamaka pamene chilizacho chili ndi mayina a ana ndi zidzukulu amene akadali moyo.