Mmene mungawerengere mbalame za m'madzi ku Chilwa

Anthu akamva zoti mbalame zimawerengedwa amaseka, amati chinthu chouluka mungachiwerenge bwanji, koma ntchitoyi imachitika ndithu mu Januwale ndi Julayi pa kalembera amene amayendetsa a Wetlands International, bungwe losamalira madambo, ndipo nyanja ya Chilwa inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 1996 makamaka chifukwa cha mbalame zakezi.

Sankhani poima, tinene pa doko la Kachulu, mupasunge pa GPS ya foni, ndipo ulendo wina mudzaimenso pomwepo nthawi yomweyo. Nkhani yonse yagona apa. Ngati chaka chino mwapalasa bwato mpaka ku chilumba cha Chisi ndiye chaka chamawa n'kungoima pamtunda, manambala awiriwo sangayerekezedwe, muziti mbalame zatha pomwe chasintha ndi kayendedwe kanu.

Lawirirani mamawa ndipo muime moti dzuwa lisakhale kumaso kwanu, masana madzi amathobwa m'maso zonse zimangooneka zakuda. Mukhale awiri, wina pa mabayinokyula wina ndi kope ndi pensulo, bolopeni ikanyowa imakugwiritsani fuwa lamoto.

Nkhwazi kapena nantchengwa sizivuta, werengani imodziimodzi. Povuta ndi pamene akakowa, atsekwe kapena ziswankhono zadzaza dambo lonse. Werengani 10 mosamala kumapeto kwa gulu, muone kuti 10 zimenezo zatenga malo aakulu bwanji, kenako muziyendetsa maso kuchokera mbali imodzi kupita ina mukuti 10, 20, 30 osabwereranso m'mbuyo, zikakhala masauzande kagulu kanu kakhale ka 50 kapena 100. Samalani pakati pa gulu pamene zathithikana, maso amanama, nthawi zambiri timachepetsa. N'chifukwa chake ndi bwino aliyense awerenge payekha chamumtima mufananitse pambuyo, komanso jambulani chithunzi mukawerengenso kunyumba mofatsa. Zikadzidzimuka n'kuuluka onani komwe zakatera, ngati ndi kutsogolo komwe mukupita lembani, apo ayi muziwerenga kawiri.

Zobisala mu njedza ndi m'mabango simungazione zonse, lembani zomwe mwaona kapena kumva kulira kwake basi osawonjezera zongoganiza. Asodzi ndi osaka mbalame amadziwa kumene zimagona, afunseni mwaulemu, koma zimene akuuzani zilembedwe padera. Mbalame yomwe simukuizindikira ingolembani gulu lake, monga bakha wosadziwika, musaipatse dzina mokakamiza.

Ndipo chonde, mukapeza kuti mtundu wina kulibe, lembani 0. Ambiri amasiya mpata, ndiye wodzawerenga sadziwa ngati kunalibe kapena simunayang'ane. Lembaninso tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, nyengo, ndi pamene madzi afika, paja nyanjayi imaphwa ngati mmene inachitira mu 1995 ndi 2018, ndiye nambala yopanda mlingo wa madzi siinena zambiri. Mukamaliza ikani pa eBird, tsamba la pa intaneti losungira mbalame zomwe anthu aona, kapena perekani kwa a Wildlife and Environmental Society of Malawi, kopelo lisangogona m'chikwama.