Chumuni chothera pansi pa denga chikudanitsa anthu oyandikana nyumba ku Mzuzu

Chiyambireni kuzizira mu Juni, ndayitanidwa kangapo ku Chibavi, ku Masasa ndi ku Zolozolo pa nkhani yomwe kwenikweni si ya ulimi, koma imandigwera ine chifukwa ife alangizi a zaulimi ndife tinalimbikitsa mbaula zomanga ndi njerwa ndiponso ng'anjo zofunditsira anapiye. Nkhani yake ndi ya utsi womwe ukuchoka m'chumuni cha nyumba ina n'kukadzaza m'chipinda cha nyumba yoyandikana nayo. Paliponse pomwe ndafika ndapeza cholakwika chimodzi chomwecho: mwini wake anaboola khoma, n'kutulutsa paipi chopingasa, n'kuisiya pansi pa denga, chifukwa choopa kuboola lata.

Mantha amenewa ndimawamvetsa. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, imatha kufika mpaka mu Meyi, ndipo ngakhale ikatha timakhalabe ndi mawawa ndi nkhungu, kotero kuti munthu amene anagula malata movutikira safuna kumva zoti mmisiri adule bowo padenga pake. Koma paipi yothera pansi pa denga si chumuni ayi, ndi bowo chabe lomwe lasamutsa utsi kuchoka m'maso mwa wophika kupita m'mphuno mwa munthu wina. Chumuni chimakoka chifukwa mpweya wotentha ndi wopepuka kuposa wozizira, ndipo kukokako kumakula pamene njira yokwera ili yayitali ndi yowongoka. Mukaipinda paipiyo n'kuifupikitsa, utsi umatuluka wopanda mphamvu, umagunda kunsi kwa malata, umazizira, kenako umayenda motsatira khoma kufunafuna polowera. Polowera pake ndi mpata wa pakati pa khoma ndi malata, timabowo tolowetsa mpweya pamwamba pa mawindo, ndi zenera la mnzanu lomwe mwina lili pa mtunda wa mamita awiri okha.

Malo athu akuwonjezera vutoli. Mzinda uno uli pa zitunda ndi zigwa, ndipo m'madera ngati Masasa nyumba ya kumtunda imakhala ndi zenera lolingana msinkhu ndi denga la nyumba ya kumunsi, choncho chumuni chomwe mwini wake akuchiona ngati chachitali chimakhala chikulozera pabedi pa ana a mnzake. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi, nthawi yomwe aliyense akukoleza moto wa madzi osamba, mpweya wozizira umakhazikika m'zigwa ndipo utsi sukwera, umangoyandama mmunsi pamodzi ndi nkhungu. Masana mphepo ya mwera ikawomba, imagunda khoma n'kuubweza utsiwo. M'nyumba za mdadada zinthu zimaipa koposa, popeza ambiri omanga nyumba za lendi amasiyira khoma logawa zipinda pa msinkhu wa mitanda, osalifikitsa kumalata, ndipo popanda siling'i utsi wa khomo loyamba umayenda pansi pa denga mpaka khomo lomaliza.

Chomwe chimanditopetsa ndi mawu akuti utsi sunaphepo munthu, makolo athu ankagona nawo. Makolowo ankaphikira m'khitchini ya udzu yomwe inkatulutsa utsi mbali zonse, itatalikirana ndi nyumba ya mnzawo, ndipo ngakhale zinali choncho ambiri anakalamba akutsokomola. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira padziko lonse ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ndipo ena mwa iwo anali ana osafika zaka zisanu omwe anadwala chibayo. Mwana wakhanda amapuma mofulumira kuposa wamkulu, choncho amakoka utsi wochuluka poyerekeza ndi thupi lake. Wodwala mphumu amabanika usiku womwewo. Mu utsiwo mulinso mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu, umayambitsa mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo m'chipinda chotsekedwa mawindo chifukwa cha chisanu umatha kupha munthu ali m'tulo. Mnzanu amene akudandaulayo sakunena za makatani akuda okha kapena yunifolomu ya mwana yonunkha utsi, ngakhale kuti zimenezonso zimamudyera sopo.

Ku Mchengautuwa ndinakumana ndi bambo wina woweta nkhuku za nyama, yemwe anamanga ng'anjo ya njerwa m'khola kuti afunditse anapiye 200, paipi yake n'kuitulutsira kumbuyo, moyang'anizana ndi chipinda cha mayi wina wokhala ndi mwana wa miyezi yochepa. Mayiyo anadandaula kawiri, kachitatu anakatula nkhaniyo kwa mfumu ya m'deralo. Nditafika, bamboyo anandilandira ndi mawu akuti, "Alangizi, inetu utsi ndinautulutsa panja monga munanenera, ndiye ukatengedwa ndi mphepo ine ndilakwa chiyani?" Ndinawauza kuti akweze paipiyo, iwo anati adikira agulitse kaye nkhuku. Sabata isanathe mphepo inatembenuka usiku, utsi unabwerera m'khola, ndipo kutacha anatola anapiye akufa odzaza ndowa. Paipi yowonjezera ndi ntchito ya mmisiri sizikanafika pa mtengo wa anapiye amenewo, osawerengera chakudya chomwe anali atadya kale. Tsopano chumuni chawo n'chachitali, koma mayi uja anasamuka, ndipo mwini nyumba yomwe mayiyo ankakhalamo sakulankhulana ndi bamboyo.

Nkhuni zomwe tikusonkha zikuthandizira kuwononga. Ambiri akugula zigwagwa za paini zochokera ku Chikangawa kapena bulugamu wongodulidwa kumene, n'kuzisonkha zisanaume. Mtengo wauwisi umayamba wawiritsa madzi ake usanayake bwino, choncho moto umakhala wozizira, utsi wochuluka, ndipo utomoni wa paini umamata mkati mwa paipi pamodzi ndi mwaye mpaka njira itachepa. Mwaye wonyowa umadya chitsulo, ndipo paipi ya lata lopyapyala imabooka polumikizira, malo omwe nthawi zambiri amakhala obisika pansi pa denga. Za ena omwe amakolezera moto ndi majumbo ndi mabotolo apulasitiki sindifuna n'komwe kuzinena, pakuti utsi wakewo ndi poizoni.

Chochita n'chachidule. Chumuni chikwere mowongoka, chitulukire pamwamba pa denga ndi masentimita osachepera 90, ndipo chipose ndi masentimita 60 chilichonse chomwe chili pafupi nacho mkati mwa mamita atatu, kaya ndi msonga wa denga lanu kapena khoma la mnzanu. Ngati nyumba ya mnzanu ili kumtunda, muyezere pa zenera lake, osati pa denga lanu. Wokhoma zidebe aliyense pamsika angakupangireni kolala ya lata yotchinga pomwe paipi yaboola denga, ndi kachipewa ka pamwamba kosiya mpata wokwanira m'mbali, ndipo mvula silowa. Paipi isakhudze mitanda ya denga. Kuti mudziwe podontha, sonkhani masamba auwisi pang'ono masana, mutseke kukamwa kwa chumuni kwa kanthawi kochepa zitseko zili zotsekula ndi ana ali panja, wina ayime m'nyumba ya mnzanuyo, ndipo paliponse potuluka utsi mumatepo ndi dothi losakaniza mchenga kapena musinthe chidutswa cha paipicho. Pukutani mwaye kamodzi pa mwezi nyengo yozizira. Eni nyumba za mdadada afikitse makoma ogawa zipinda mpaka kumalata. Amene utsi ukukuvutitsani, itanani mwini chumuniyo adzaone yekha m'mawa moto uli mkati, ndipo akakana pitani kwa mfumu ya m'dera lanu kapena kwa a zaumoyo a khonsolo ya mzinda. Wina akadzuka ndi mutu ndi chizungulire, mutulutseni panja msanga ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.