Chinangwa chowawa musamachivuule msanga

Ife kuno ku Nkhotakota nsima yathu ndi kondowole, koma zimandiwawa ndikaona munthu waviika chinangwa dzana lero wavuula kale ati ana ali ndi njala. Abale, chinangwa chowawa ngati Gomani chili ndi poizoni weniweni, asayansi amamutcha cyanide, ndipo chimatipulumutsa ndi kakonzedwe basi. Manyokola timangokukuta inde, koma Gomani ayi.

Poyamba sendani bwinobwino, makoko onse achoke. Kenako viikani mu mgolo kapena mumtsuko waukulu, chimire chonse osati china chikusuzumira pamwamba. Masiku atatu mpaka asanu, koma nyengo yozizira ya June ndi July chimachedwa ndiye musamangowerenga masiku, pisani dzanja muchigwire. Chikavunda bwino chimafewa ngati nthochi yakupsa, ukachifinya chimangophwanyika, kamtsitsi kapakati kaja kumangosololoka kokha, ndipo fungo lake lija muliziwa kale simungafunse munthu.

Mmadzimo mumachitika chani? M'chinangwa muli zinthu ziwiri zimene zimakhala motalikirana, linamarin, amene amasunga poizoni uja, ndi enzyme yake, kanthu kamene kamaphwanya linamarin. Chikamavunda ziwirizi zimakumana ndiye poizoni amamasuka, wina amasungunuka m'madzi wina amauluka ndi mphepo. Nchifukwa chake madzi aja muzitaya kutali, mbuzi zisamwe. Finyani, yanikani pathandala mpaka chiume gwa, kenako mtondo kapena kuchigayo.

Sizongoopseza izi. Mu 1981 kudera la Nampula ku Mozambique kunagwa chilala, anthu nkumadya chinangwa chosakonzeka bwino, ambiri makamaka amayi ndi ana anauma miyendo ndi matenda otchedwa konzo, ndipo olumala nawo sachira.

Chigwada nachonso musachiderere, masamba amakhala ndi poizoni wambiri kuposa chinangwa chenichenicho. Sinjani mpaka chisalale, chisiyeni kaye kanthawi musanatereke chifukwa moto ukafulumira umapha enzyme ija isanamalize ntchito. Powiritsa musavundikire poto, nthunzi izituluka. Soda ndikudziwa amafewetsa msanga nkhuni nkupulumuka, koma amaononga mavitamini, ine ndimati bola kusinja kwambiri ndi kuthira nsinjiro.

Ndipo kuphikaku sinkhani yaing'ono ayi. Richard Wrangham, katswiri wa chiyambi cha anthu wa ku yunivesite ya Harvard ku America, amanena kuti moto ndi umene unasintha thupi la munthu, kuyambira kwa mtundu wa anthu akalekale wotchedwa Homo erectus zaka pafupifupi 1.8 miliyoni zapitazo, mano anachepa, matumbo anafupika, ubongo nkukula, poti chakudya chophika chimagayika mosavuta thupi nkupeza mphamvu zambiri. Asayansi ena amatsutsana naye pa zaka, koma m'phanga la Wonderwerk ku South Africa anapezamo phulusa ndi mafupa owauka a zaka pafupifupi 1 miliyoni. Ufa wosapsa mimba imavutika nawo, ndiye kondowole muzivundula ndi mphamvu madzi atawira ndithu, mpaka tiufa toyera tija tithe asanduke wonyezimira womata pa mthiko.

Chomaliza ndi ndiwo. Kondowole amakhutitsa koma zomanga thupi alibe kwenikweni, pomwe thupi limafuna zomwezo kuti lichotse kapoizoni kotsalira. Nyanja tili nayo pafupi, ndiye usipa, utaka kapena nyemba zisasowe pambali, makamaka m'mbale ya mwana ndi ya mayi woyembekezera.