Momwe mungapangire nyimbo kumveka symphonic mu studio yapakhomo

Oimba ambiri, makamaka a gospel ndi a kwaya, akafika mu studio amati "bwana ndikufuna imveke symphonic", ndiye producer amangosankha Strings pa kiyibodi nkugwira ma chord manja onse awiri, basi yatha. Si zimenezo ayi. Mawu akuti symphonic pa Chingerezi amachokera ku symphony, nyimbo yaitali yolembedwa kuti iyimbidwe ndi orchestra yathunthu, nthawi zambiri imakhala ndi zigawo 4. Ndiye mukati nyimbo ndi symphonic mukunena kuti mukumveka gulu lalikulu la zida zosiyanasiyana, chida chilichonse chikuyenda njira yake koma zonse zikugwirizana. Piano yokha kapena gitala mmodzi, ngakhale zikome bwanji, dzinali silikhalapo.

Choyamba pezani zida zake. Kampani ya Spitfire Audio ili ndi plugin (pulogalamu yowonjezera yokhala ndi mawu a zida) yotchedwa BBC Symphony Orchestra Discover, ndi yaulere, mumangolembetsa ndi imelo ndipo siidya bandulo kwambiri poyerekeza ndi zinzake. Muli magulu onse anayi a orchestra, zazingwe monga violin, viola, cello ndi double bass, kenako flute, oboe, clarinet ndi bassoon, kenako za brass monga trumpet, horn, trombone ndi tuba, pomaliza zoomba monga timpani. Chonde samalani ndi anyamata ogulitsa ma plugin pa flash aja. Wina anandiikira library (mulu wa mawu a zida ojambulidwa kale, ma sample) yothyola, theka la ma sample munalibe, laputopu nkuyamba kuzima yokha pakati pa ntchito, ndalama sanabweze.

Mukaika mu pulogalamu yopangira nyimbo monga FL Studio kapena Cubase, tsegulani track payokhapayokha ya chida chilichonse. Pano ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ine panandichedwetsa kwambiri, nyimbo inkangomveka phokoso lolemera pansi osadziwika cello ndi uti bass ndi uti. Vuto limakhala chord. Pa kiyibodi timazolowera kuunjika manoti atatu moyandikana kumanzere, koma mu orchestra kumunsi manoti amakhala motalikirana, kuyandikana kumayambira kumtunda. Tengani chord ya C. Double bass mpatseni C wapansi, cello C wina octave imodzi pamwamba pake kapena G, viola atenge G kapena E pakati, ma violin agawane zotsalazo pamwamba. Aliyense noti imodzi basi, monga momwe kwaya imagawanira soprano, alto, tenor ndi bass. Mukamasintha chord musadumphitse onse nthawi imodzi, wina akhale pomwepo ngati notiyo ikupezekanso mu chord yotsatira, ena asunthe pang'ono chabe. Komanso chida chilichonse chili ndi malire ake, violin satsika kupitirira G wa pansi pa middle C, mukamukakamiza plugin imangokhala chete inu nkumaganiza kuti yawonongeka. E wa mu chord ya C uja musamuike pansi pafupi ndi bass, ndi amene amadetsa zonse.

Zikakhala bwino pamenepo sewerani ndi mod wheel, kagudumu ka pambali pa kiyibodi komwe mu pulogalamu kamalembedwa CC1, kuti mawu azikwera ndi kutsika mkati mwa noti yaitali. Popanda zimenezi zimamveka zouma. A flute ndi trumpet asiyireni mpata wopuma, ndi anthu amauzira zimenezo. Ngati kiyibodi yanu ilibe wheel jambulani ndi mouse, zimachedwa koma zimatheka.

Brass ndi timpani musayambe nazo, zisungeni zilowe pa chorus yomaliza, mudzamva nokha mmene nyimbo imakulira.

Zotsalazi nzachangu. Ma violin azimveka ku sipika ya kumanzere, cello ndi bass ya kumanja, ngakhale ma library ambiri amabwera atakhazika kale. Reverb ya hall, yopangitsa mawu kumveka ngati ali mu holo yaikulu, ikhale imodzi pa onse, osati aliyense yake. Tsitsani pang'ono zazingwe pamene woimba akuyimba, mvetserani pa sipika ya foni, kenako export.