Momwe makolo angathandizire sukulu za boma za m'tauni ya kunyanja kukonzekera ngozi za madzi

Tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja yamchere kawirikawiri imakhala ndi sukulu za boma zowerengeka, ndipo zambiri mwa izo zimamangidwa pachidikha, pomwe anthu anayambira kukhala. Choncho pa nthawi ya maphunziro ana a tauni yonse amakhala ataunjikana pamalo otsika, pafupi ndi madzi. Makolo amakonda kufunsa za zotsatira za mayeso ndi kuchuluka kwa aphunzitsi, ndipo amachita bwino kutero, koma ine ndikuona kuti funso loyamba liyenera kukhala lakuti ana adzathawira kuti tsiku limene nyanja idzalusa.

Yambirani kwa mphunzitsi wamkulu, pakuti safunsa anadya phula. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni ndondomeko yolembedwa ya momwe ana angathawire ngozi, ndipo poiwerenga muonetsetse ngati yatchula dzina la malo okwera othawirako, njira yokafikira kumeneko, komanso munthu amene angalamule kuti ana anyamuke ngati mphunzitsi wamkuluyo wachokapo. Nkhani ya dzina la malo musaitenge mopepuka. Pa 11 Malichi 2011, chivomezi champhamvu chitagwedeza dziko la Japan, ana a pasukulu yapulayimale ya Okawa, mumzinda wa Ishinomaki, anakhala pabwalo kwa mphindi pafupifupi 50 akuluakulu akukambirana kolowera, ngakhale kuti kuseri kwa sukuluyo kunali phiri. Mafunde aakulu a m'nyanja oyambitsidwa ndi chivomezicho, otchedwa tsunami, anabwera kudzera mumtsinje wa Kitakami, ndipo mwa ana 108 a pasukulupo, 74 anamwalira kapena kusowa, pamodzi ndi aphunzitsi 10. Sukuluyi inali pamtunda wa makilomita pafupifupi 4 kuchokera kunyanja, kotero kutalikirana ndi gombe kusakunyengeni ngati pafupi padutsa mtsinje.

Mukaiwerenga ndondomekoyo, yendani nokha njira yonse muli ndi wotchi m'manja. Ndi bwino kutenga ana angapo a kalasi yoyamba, chifukwa liwiro la gulu lonse lidzakhala la mwana wamng'ono kwambiri kapena wa ulumali, osati la munthu wamkulu. Poyendapo muziona zinthu zimene papepala sizioneka: geti lomwe limakhala lokiya masana, kamlatho kopapatiza kodutsa munthu mmodzimmodzi, khoma lomwe lingagwere mumsewu, ndi malo amene amaterera mvula ikagwa. Mukafika pamalo othawirapo musalekeze pomwepo, koma funafunani malo ena okwera kuposa pamenepo.

Chifukwa chake tikuchiona m'tauni ya Kamaishi, m'dziko lomwelo ndi tsiku lomwelo. Kumeneko ana anali ataphunzitsidwa kwa zaka zingapo, motsogozedwa ndi Pulofesa Toshitaka Katada wa ku yunivesite ya Gunma, mfundo zitatu: asadalire kwambiri mapu osonyeza pomwe madzi angalekeze, achite zonse zimene angathe, ndipo aliyense akhale woyamba kuthawa. Ophunzira a sekondale ya Kamaishi Higashi anathamanga, ana a pulayimale ya Unosumai n'kuwatsatira, akuluwo atagwira ang'onowo pamkono. Atafika pamalo oyamba anaona kuti si pokwanira ndipo anapitirira kukwera. Malo amene anawasiyawo anamizidwa. Mwa ana a sukulu pafupifupi 3,000 a m'tauniyo, pafupifupi onse anapulumuka, pomwe anthu oposa 1,000 a m'tauni yomweyo anafa kapena kusowa.

Limbikitsani komiti ya sukulu kuti ana aziyeserera kuthawa chaka chilichonse, nthawi zina mosachenjezeratu, monga pa nthawi yopuma pamene ana amwazikana. Mwana aliyense adziwe kuti nthaka ikagwedezeka mwamphamvu kapena kwa nthawi yaitali, kapenanso nyanja ikaphwa mwadzidzidzi n'kusiya nsomba pamchenga, sayenera kudikira belu kapena uthenga wa pafoni. Adziwenso kuti funde loyamba silikhala lalikulu nthawi zonse, choncho satsika mpaka akuluakulu oona za ngozi atalengeza.

Gawo lovuta kwambiri ndi la inu makolo. Mtima wa kholo umauza miyendo kuthamangira kusukulu, koma potero kholo limatsikira kumene kuli madzi, magalimoto amatseka msewu wothawira, ndipo ana amachedwetsedwa podikira owatenga. Gwirizanani pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kuti ngozi ikagwa aliyense adzathawira kumtunda kuchokera pomwe ali, ndipo mudzakumana pamalo amene mwasankhiratu. Mwana amene wamva kuchokera pakamwa pa mayi ake kuti iwonso adzathawa sabwerera kunyumba kukawafuna.

Zina sizili m'manja mwa mphunzitsi wamkulu, ndipo zimafunika kalata ya komiti yopita ku ofesi ya maphunziro kapena ku khonsolo, monga kulambula njira yokwerera phiri, kumanga masitepe, kapena kusankha malo okwera pomanga makalasi atsopano. M'kalatamo mupemphenso kuti mphunzitsi aliyense watsopano aziyendetsedwa njira yothawira sabata yake yoyamba, popeza aphunzitsi amasamutsidwa kawirikawiri ndipo ena amachokera kutali ndi nyanja. Za namondwe n'zosavutirapo chifukwa a zanyengo amachenjeza masiku angapo asanafike, koma pakhale pomveka kuti amene amalamula kutseka sukulu ndani, uthengawo udzafika bwanji kwa makolo opanda foni, ndi kuti kaundula wa mayina a ana azisungidwa m'chikwama chosalowa madzi, chopachikidwa pafupi ndi chitseko kuti mphunzitsi athe kuchinyamula potuluka n'kukaitana mayina pamwamba paphiri.