Ntchito zamanja za nyengo ya autumn m'sukulu zamkaka ku England

Mmalawi amene wayamba kumene ntchito yolera ana ku England, kaya m'sukulu yamkaka kapena m'nyumba mwake atalembetsa ku Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu ndi olera ana, amaona kuti mwezi wa Seputembala ukangofika zochita zambiri za ana zimatembenukira ku masamba ogwa m'mitengo. Nyengo imeneyi, imene eni dziko amaitcha autumn, imatha mu Novembala, ndipo ngakhale ena amaimasulira kuti masika chifukwa ndi nthawi yokolola, siifanana kwenikweni ndi nyengo iliyonse ya kwathu. Usana ukamafupika, mitengo imaleka kupanga chlorophyll, imene imabiriwitsa masamba, motero mtundu wachikasu umene unabisika umaonekera ndipo mitengo ina imafiira masamba asanathothoke. Kwathu mitengo ya mombo imafiiranso cha mu Seputembala, koma imatero pophuka masamba atsopano mvula isanagwe, pamene kuno kufiira kumasonyeza kuti chisanu chayandikira.

Sukulu zamkaka ndi olera ana onse olembetsedwa ku England amatsatira ndondomeko ya boma yotchedwa Early Years Foundation Stage, imene inayamba kugwira ntchito mu 2008 ndipo imagawa maphunziro a mwana wosafika zaka 5 m'magawo 7. Luso la zojambula ndi zopangapanga ndi limodzi mwa magawo amenewa. Chimene ambiri a ife timachedwa kuchimvetsa ndi chakuti amene amayendera ntchito yathu sayang'ana kukongola kwa chinthu chimene chapangidwa, koma amafuna kuona zimene mwanayo wachita ndi manja ake. Ambiri tinaphunzira m'makalasi mmene chojambula chabwino chinali chofanana ndi cha mphunzitsi pa bolodi, choncho dzanja limathamangira kuwongola tsamba limene mwana wamata mokhota. Ndikupemphani kuti mudzigwire. Ana 8 akatulutsa zithunzi 8 zofanana ndendende, aliyense wodziwa ntchitoyi amazindikira kuti wamkulu ndiye wagwira ntchitoyo, ndipo ana angoonerera.

Ntchito yabwino imayambira panja. Tulukani ndi ana m'mawa atavala majekete ndi nsapato za mvula, aliyense atanyamula kathumba kake, kuti akatole masamba, timitengo ndi njere m'bwalo la sukulu kapena ku paki yapafupi, mutayamba mwapeza chilolezo cha makolo ndi kulemba zoopsa zimene zingakhalepo panjira. M'mawa ndi nthawi yoyenera chifukwa mawotchi akabwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Mukabwerera, yalani masambawo pa nyuzipepala kuti aume, popeza tsamba lonyowa siligwira guluu ndipo limachita nkhungu pakangopita masiku ochepa.

Mwana wa zaka 3 kapena 4 angathe kuika tsamba pansi pa pepala lopyapyala, mbali ya mitsempha itayang'ana kumwamba, ndi kukhutiza krayoni yogoneka mpaka chithunzi cha tsambalo chitaonekera. Wa zaka 2 sanakhwime zala mokwanira kuti agwire pepala ndi krayoni nthawi imodzi, choncho kwa iye ndi bwino kupaka penti patsamba ndi kulidinda pakatoni, kapena kumata masamba papulasitiki yomata imene mwaipachika pawindo, kumene kuwala kumaonetsa mitundu yake. Pamene akuchita zimenezi muziwafunsa kuti tsamba lalikulu ndi liti, lokhakhala ndi liti, ndipo agawe masambawo m'milu molingana ndi mtundu. Pamenepo mawu atsopano ndi chiyambi cha masamu zalowa popanda kuwakhazika pansi kuti aphunzire.

Pa nkhani ya chitetezo ndi pamene ife obwera tiyenera kusamala koposa, chifukwa mitengo ya kuno sitinakule nayo. Njere zonyezimira zofiirira zotchedwa conkers, zimene zimagwa mumtengo wa horse chestnut, ana amazikonda kwambiri, koma zili ndi poizoni ndipo sizidyedwa, ngakhale zimafanana ndi za sweet chestnut zimene anthu amawotcha ndi kudya. Mtengo wa yew, umene umapezeka kawirikawiri m'mabwalo a matchalitchi akale, uli ndi tizipatso tofiira tokopa maso, koma njere ndi masamba ake ndi zakupha. Bowa wa m'paki, ngakhale afanane bwanji ndi amene tinkazula kumudzi nthawi ya dzinja, asakhudzidwe konse. Kuwonjezera apo, conkers ndi njere za mtengo wa oak ndi zazing'ono moti mwana angatsamwe nazo, motero musazipereke kwa ana osafika zaka 3, ndipo kwa okulirapo muziziwerenga poyamba ndi pomaliza. Mwana akameza chinthu chokayikitsa imbani 111, nambala ya uphungu wa zaumoyo, koma akamalephera kupuma imbani 999, nambala ya zadzidzidzi, nthawi yomweyo. Malamulo amafuna kuti pamalo pakhale munthu wokhala ndi satifiketi ya chithandizo choyamba cha ana nthawi zonse, ndipo satifiketiyo imakonzedwanso zaka 3 zilizonse.

Amene tinakula tikuumba ng'ombe zadongo kudambo tili ndi luso limene limafunika kwambiri m'nyengo ino. Sakanizani makapu 2 a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mchere ndi madzi osapitirira kapu imodzi, mukande mpaka zitafewa, kenaka ana adinde masamba pamwamba pake kapena abaye timitengo kuti apange kanyama ka minga kotchedwa hedgehog. Yambani mwaona ngati palibe mwana amene thupi lake limadana ndi tirigu, ndipo muonetsetse kuti wina asadye, chifukwa mcherewo ndi wochuluka kwambiri kwa mwana wamng'ono. Dongo logula m'sitolo limathandizanso pa Diwali, chikondwerero cha nyale cha Ahindu chimene chimachitika mu Okutobala kapena Novembala, pamene ana amaumba tinyale tating'ono.

Maungu amadzaza m'masitolo chifukwa cha Halloween ya pa 31 Okutobala, ndipo ndikudziwa kuti Amalawi ambiri opemphera samasuka ndi zithunzi za mizukwa ndi mfiti. Ngati zili choncho kwa inu, kambiranani ndi woyang'anira sukulu masabata angapo tsikulo lisanafike, osati m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo mudzipereke kutsogolera ntchito ina ya dzungu lomwelo. Wamkulu adule dzungulo, ana akolowole zam'kati ndi masipuni, atsuke nthangala, aziwerenge ndi kuzimata papepala zikauma. Mungawauzenso kuti kwanu masamba a chomera chimenechi amatchedwa nkhwani ndipo amaphikidwa ndi nsinjiro, nkhani imene imagwirizana ndi mwezi wa Okutobala, umene ku Britain amakumbukira mbiri ya anthu akuda.

Ntchito ikatha, lembani kuseri kwa pepala dzina la mwana, tsiku, ndi mawu amene iye mwini wanena pofotokoza chimene wapanga, monga momwe wawanenera. Ngati mukufuna kujambula chithunzi choti makolo aone, gwiritsani ntchito kamera kapena tabuleti ya sukulu, chifukwa kujambula ana ndi foni yanu, ngakhale cholinga chili chongoonetsa abale kumudzi pa WhatsApp, ndi kuphwanya malamulo oteteza ana ndipo kungakuchotsetseni ntchito.